Ndithandizeni kupeza nyimbo za ku Japan zonena za nsomba

Anzanga, ndimaphunzitsa ana a Standade 5 kuno ku Nkhotakota, ndipo teremu ino tikukonza tsiku la nyimbo za asodzi. Zathu za kunyanja, zija amaimba pokoka khoka, ndili nazo zambiri. Ndikufuna ndiwonjezereko za ku Japan, poti anthu akumeneko nsomba ndi moyo wawo ngati ife.

Ndapezako zingapo. Soran Bushi ndi ya asodzi a ku Hokkaido omwe ankagwira nsomba yotchedwa nishin, ndipo kuvina kwake kumatsanzira kukoka ukonde. Ana anga ataiona pa foni anaseka n'kunena kuti ndi za kwathu zomwe. Ina ndi Medaka no Gakko ya 1951, yofanizira tinsomba tating'ono ta m'mitsinje ndi ana a sukulu. Imeneyi ndaikonda koposa, chifukwa ndi yosavuta kuimba. Palinso Oyoge! Taiyaki-kun ya 1975, yonena za keke youmbidwa ngati nsomba imene inathawa m'sitolo kukasambira m'nyanja, koma imatha ikudyedwa, ndiye kwa ana ndikukayikira.

Vuto langa ndi zilembo. Kodi mawu ake olembedwa m'zilembo zathu ndingawapeze kuti, pamodzi ndi tanthauzo lake? Ndipo alipo amene akudziwa nyimbo ya nkhanu kapena namgumi yoti ana angaiphunzire m'masabata awiri? Zikomo kwambiri.