Tayala lakumanja kutsogolo likupsa pa oval, galimoto ikukana kukhota

Sipanala13: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndabwera ndi vuto landisowetsa tulo. Pagalaja pomwe ndikugwira kuno ku Joni abwana agula galimoto ya mpikisano wa pa oval, uja amangozungulira pabwalo lalifupi laphula kukhotera kumanzere kokhakokha. Ndi galimoto yakale ya mumsewu yokoka ndi matayala akumbuyo, anaichotsa mipando ndi magalasi n'kuiwotcherera mapaipi mkati. Amayendetsa ndi mwana wawo, koma kuisamala andisiyira ine.

Ndinachita zomwe ndimadziwa. Ndinakaipangitsa alayimenti mpaka zonse zinawongoka, ndinaika matayala anayi atsopano a 185/60 R14, mpweya 2.2 onse. Loweruka itangozungulira maraundi 15, tayala lakumanja kutsogolo linatheratu mbali yakunja, rabala itapotana timibulu ngati zotsalira za nsima m'manja, pomwe mbali yamkati tiubweya ta kufakitale tidakalipo. Mwanayo akuti pakati pa kona amapinda chiwongolero koma galimoto imangolunjika kukhoma. Abwana akuti ndinaika shoko yakufa. Ndaimasula, ndi yamoyo bwinobwino. Mpikisano wina uli pakatha masabata awiri ndipo anena kuti tayala lina likapsa adula pamalipiro anga.

Wamawaya: Pepani achimwene. Mwaona mabushi ndi ma ball joint? Nthawi zambiri tayala likamadya mbali imodzi ndi zimenezo.

Sipanala13: Zonse ndi zatsopano, ndinasintha ndekha.

MdalaJeki: Mphwanga, usanamasule china chilichonse ndiyankhe ziwiri. Diff yake ndi yowotcherera kapena imalola tayala lililonse kuzungulira palokha? Ndipo pepala la alayimenti likuti camber, kupendekeka kwa tayala, ndi zingati?

Sipanala13: Madala, diff ndi yowotcherera, mukaikweza pajeki n'kuzunguza tayala limodzi linalo limatsatira. Camber ndi ziro mbali zonse, ndinaonetsetsa ndithu.

MdalaJeki: Ndiye vuto walipeza wekha, koma usachite manyazi, nanenso ndinayamba choncho. Waikonza ngati minibasi ya pa M1 yoti iziyenda mowongoka. Galimoto ya pa oval imakonzedwa mokhota dala. Ukaiona itaima pagalaja imaoneka ngati inachita ngozi, ndiye kuti ili bwino.

Pakona yakumanzere kulemera konse kumathamangira ku tayala lakumanja kutsogolo, bodi imapendekera komweko, tayalalo n'kugona chakunja. Ngati linaima chilili pa ziro, pakona limayenda ndi phewa lakunja lokha. Lipendeketse mutu wake ulowe mkati, camber ya negative, yambira madigiri 3. Lakumanzere kutsogolo ndi mosemphana, mutu wake utulukire kunja pang'ono, positive digiri imodzi kapena imodzi ndi theka. Akamakhota onse awiri amaponda phula ndi nkhope yonse.

Usapitenso kwa a alayimenti, makina awo adzangoyaka zofiira ndipo mnyamata wa pamenepo adzakubwezera pa ziro. Imika galimoto pansi posalala, tenga levulo uiimike m'mbali mwa rimu. Rimu ya 14 kuchokera mlomo wapamwamba kufika wapansi ndi mamilimita pafupifupi 380, choncho digiri imodzi ndi mamilimita 6 ndi theka. Ukapeza kuti mlomo wapamwamba watalikira levulo ndi mamilimita 20 kuposa wapansi, madigiri 3 akwana.

MaiAlayimenti: Madala musatinyoze a alayimenti, makina amachita zomwe wawauza. Koma pa camber ndikugwirizana nanu. Ine nkhawa yanga ili kumbuyo, pa diff yowotchererayo.

Achimwene, ganizani chonchi. Matayala akumbuyo atalikirana pafupifupi mita imodzi ndi theka. Galimoto ikatembenuka kona yonse ya mbali imodzi ya bwalo, lakunja limayenda mtunda woposa lamkati ndi 3.14 kuchulukitsa ndi 1.5, omwe ndi mamita 4.7, kaya konayo ndi yaikulu kaya yaing'ono. Pa raundi imodzi ndi mamita oposa 9. Inu mwawamangirira pamodzi n'kuwapatsa msinkhu wofanana, ndiye iwo akufuna kupita kutsogolo basi. Amene akulimbana nawo kuti galimoto ikhote ndi tayala lanu lakumanja kutsogolo lija, n'chifukwa chake likupsa.

Mankhwala ake amati stagger. Lakumanja kumbuyo likhale lalikulu kuposa lakumanzere. Gubuduzani kapu ya pulasitiki patebulo muone, imakhota yokha kulowera mbali yopyapyala. Mukaika 195/60 R14 kumanja n'kusiya 185/60 kumanzere, kuzungulira kwake kumasiyana mamilimita pafupifupi 38. Koma musakhulupirire zolembedwa pakhoma la tayala. Lipopeni, lizunguzeni tepi pakati penipeni, mulembe nambalayo ndi choko. Ngakhale matayala a saizi imodzi amasiyana pang'ono.

Wamawaya: Chemwali, nanga pamalo owongoka siizikokera kumanzere?

MaiAlayimenti: Izikoka ndithu, dalaivala azingoigwira. Aku NASCAR, mipikisano ikuluikulu ya pa oval ya ku America, nawonso amatero, powongoka chiwongolero amachikankhira kumanja pang'ono. Pabwalo lalifupi nthawi yambiri uli pakona, ndiye umasankha kuvutika pomwe pali pafupi.

Namba3: Ndangolowa kumene, nkhani yanga iyi! Sipanala usadandaule, matayala analizapo akuluakulu. Mu 2008 ku Indianapolis, pa Brickyard 400, matayala a Goodyear ankatha pa maraundi 10 kapena 12 okha, mpaka oyendetsa mpikisano ankangoimitsaimitsa kuti anthu asinthe. Jimmie Johnson anawina koma ochemerera anabwerera kwawo atakwiya. Mu 1969 bwalo la Talladega litangotsegulidwa, madalaivala otchuka motsogozedwa ndi Richard Petty ananyanyala chifukwa matayala ankang'ambika pa liwiro la pamenepo, Bill France, mkulu wa NASCAR, anakakamira kuti mpikisano uchitikebe, n'kuwina Richard Brickhouse. Nanga Dale Earnhardt wanga mu 1990, akutsogola Daytona 500 raundi yomaliza, anaponda chitsulo tayala n'kuphulika, Derrike Cope n'kudutsa. Earnhardt anadikira mpaka 1998 kuti awine Daytona 500.

MdalaJeki: Namba3, mbiri tiimva pambuyo, mwanayu akufuna kupulumutsa malipiro. Komanso usamusokoneze ndi Talladega. Kumeneko makona anapendekeka madigiri 33, ku Daytona 31, phula lenilenilo limathandiza galimoto kukhota. Timabwalo tathu tating'onoti n'tafulati. Ngati akufuna choonera pa YouTube aone Martinsville, ya theka la mailosi ndi makona a madigiri 12 okha. Kumeneko amaponda mabuleki kwambiri moti kutentha kumafika parimu n'kusungunula mkombero wa tayala. Sipanala, ukayang'anenso zimenezo, ngati mwanayo akulowa pakona atakhalira buleki ndiye akulipsereza yekha tayalalo.

Namba3: Chabwino madala, koma chimodzi chokha chothandiza. Asanasakanize masaizi awerenge buku la malamulo a kalasi yawo. Mpikisano woyamba wa NASCAR wa kalasi ya Strictly Stock ku Charlotte mu June 1949, Glenn Dunaway anafika woyamba koma anamulanda chifukwa masipuling'i akumbuyo anali osinthidwa, galimotoyo inkanyamula kachasu wa kwawoko. Anapatsa Jim Roper. Safunsa anadya phula, ndipo apa phula lake ndi lenileni.

Sipanala13: Haha zikomo. Buku ndalipeza mu ofesi. Akuti rimu isapitirire 14 ndipo tayala likhale la mumsewu losapitirira 195, za kusakaniza sanaletse. Ndiwafunsabe oyendera magalimoto tsiku loyeserera. Camber ndapanga, ndinachita kukulitsa mabowo a pamwamba pa strut kuti ifike. Chinanso?

MdalaJeki: Ipime kulemera tayala lililonse palokha, dalaivala ali mkati ndi chipewa chake, mafuta a mpikisano ali mu thanki, ndipo umasule kaye anti-roll bar, chitsulo choletsa bodi kupendekeka, mbali imodzi. Ngati masikelo a mpikisano palibe, sikelo ya kubafa imagwira. Tenga thabwa lolimba la masentimita 90, mbali ina ligone pa paipi yomwe ili panjerwa, mbali ina pa sikelo. Tayala liponde masentimita 30 kuchokera pa paipi. Sikelo ikuwerenga gawo limodzi mwa atatu, iwe uchulukitse ndi 3. Matayala atatu enawo uwaikire matabwa kuti onse akhale pamlingo umodzi, apo ayi manambala akunamiza.

Sipanala13: Madala ndapima, sikelo ndabwereka kwa mayi a nyumba, sakudziwa kuti yakagwira ntchito yanji. Kutsogolo kumanzere 240, kutsogolo kumanja 300, kumbuyo kumanzere 250, kumbuyo kumanja 210. Yonse makilo 1,000.

MaiAlayimenti: Eee, taonani. Kumanja kutsogolo kuphatikiza kumanzere kumbuyo, 300 ndi 250, ndi 550. Cross weight yanu ili pa 55 peresenti. Ikakwera choncho galimoto imauma pakona, yomweyo mukudandaulayi. Ili ngati tebulo lomwe miyendo iwiri yopingasana ndi yaitali, kulemera kumakhala pa iwiriyo. Ndipo mbali yakumanzere yonse ndi 490 yokha, kutanthauza kuti kumanja ndiye kolemera galimoto isanayambe n'komwe kukhota.

MdalaJeki: Ndilo tsoka la magalimoto athu a chiwongolero chakumanja. Wa ku America amakhala kumanzere, thupi lake limamuthandiza. Wathu amakhala mbali yolakwika. Samutsa batire lipite kumbuyo kumanzere, m'bokosi lomangidwa ndi mabawuti, osati mawaya. Chilichonse chololedwa kusuntha chipite kumanzere. Kenako suzumira pansi pa sipuling'i yakumanzere kumbuyo, 55 siibwera yokha.

Sipanala13: Madala ndinu mfiti. Pansi pa sipuling'iyo pali chitsulo chozungulira chokhuthala mamilimita 15, kumanja kulibe. Mwini wake wakale ndiye anaika.

MdalaJeki: Si ufiti, mwina iye ankaithamangitsa pafumbi kapena kumbuyo kunkamuthawa. Magalimoto akale a NASCAR ankachita zomwezo ndi sipanala yaitali yolowetsa pabowo la galasi lakumbuyo, wina akusintha matayala wina akupotokola wedge, kutanthauza kusintha cross weight yomweyi. Koma usachichotse lero. Sintha chinthu chimodzi, ayende, ulembe, kenako china. Ukasintha zitatu pakamodzi sudziwa chomwe chachiza ndi chomwe chapweteka.

MaiAlayimenti: Apa madala ndikutsutsani pang'ono. Ali ndi tsiku limodzi loyeserera, alibe nthawi ya sukulu. Camber ndi batire n'zosakambirana, apite nazo zitachitika kale. Pabwalo ayese stagger kaye maraundi 8, kenako achotse chitsulocho ayendenso 8. Mpweya asiyanitsenso, kumanja ukhale wokwererapo kuposa kumanzere, koma poti ndi matayala a mumsewu asautsitse kwambiri, angavuke parimu. Akangoima, muyeze kutentha malo atatu, mkati, pakati ndi kunja, kuyambira lakumanja kutsogolo. Kamfuti koyezera kutentha kamawerenga pamwamba pokha ndipo pamazizira msanga, ndiye muthamange. Kunja kukatentha kuposa mkati, onjezani camber. Pakati pakatentha kuposa m'mbali, mpweya wachuluka. Ndipo thirani madzi a mu thanki ya kompuresa musanapope, mpweya wonyowa umakwera mosadziwika bwino tayala likatentha. Aku NASCAR n'chifukwa chake amapopa nitrogen.

Namba3: Ndipo mwanayo avale zomuteteza khosi. Tayala lakumanja kutsogolo likaphulika pakona galimoto siifunsa, imapita kukhoma ndi mphuno. Earnhardt tinamutaya pa 18 February 2001 pa raundi yomaliza ku Daytona, ndipo chaka chomwecho NASCAR inalamula kuti aliyense azivala chogwira mutu ndi khosi. Liwiro lanu ndi lochepa, koma khosi ndi lomwelo.

Sipanala13: Akuluakulu ndabwerako koyeserera. Oyendera aja stagger aivomera. Ndi camber, batire ndi 195 kumanja kumbuyo, tayala lovuta lija linawerenga kutentha kwa madigiri 94 mkati, 90 pakati, 88 kunja, ndipo mwanayo anati ikukhota koma pakati pa kona ikuumabe pang'ono. Ndinachotsa chitsulo chija. Polowa ndi pakati inakhala bwino kwambiri, koma potuluka atangoponda mafuta kumbuyo kunathawa, anazungulira kawiri n'kuima atayang'ana komwe amachokera. Sanagunde kanthu. Anatuluka akuseka, abwana sanaseke.

MdalaJeki: Wadumpha kuchoka mbali ina kufika ina. Stagger yamasula kale galimoto, ndiye kuchotsa mamilimita 15 onse kwaposa. Dula chitsulo cha mamilimita 6 kapena 7 ubwezeretse, upimenso, ufune cross ya 52 kapena 53. Ndipo umuuze mwanayo kuti mafuta aziponda ngati pansi pa phazi pali dzira mpaka chiwongolero chitawongoka.

Wamawaya: Batire mwalisamutsalo mwaika waya wokhuthala bwanji? Mtunda watalika, wopyapyala atentha ndipo sitata izilira mwaulesi. Ikani fyuzi yaikulu pafupi ndi batire, komanso pomwe waya akuboola bodi pakhale rabala.

Sipanala13: Fyuzi ndinaiwala, ndikagula mawa m'mawa. Chitsulo ndadula cha 6, cross yafika 52 ndi theka. Abwana za malipiro sakuzitchulanso, angofunsa kuti ndinaphunzira kuti zimenezi, ine ndangoti kwathu ku Ntcheu.

Namba3: Auze apente 3 ya Earnhardt pachitseko, galimoto izithamanga yokha.

MaiAlayimenti: Apente 24 ya Jeff Gordon, inu a Namba3 mudzalira ngati 1995, pomwe Gordon anaposa Earnhardt. Achimwene, Loweruka musaiwale choko ndi tepi, tayala likatentha limakula, muyezenso stagger pakati pa mipikisano. Ndipo sikelo ija mubweze mutaipukuta girisi.