Skripti yosandutsa SVG kukhala PDF yakana pa Inkscape 1.2

wokonza_masamba: Akuluakulu, ndithandizeni, ntchito yaima pomwe osindikiza akudikira bukuli. Skripti yathu yotulutsa PDF ndi pdf_tex (fayilo yonyamula mawu a m'chithunzi kuti aikidwe ndi LaTeX, pulogalamu yokonzera masamba a buku) kuchokera ku zithunzi za SVG inkayenda bwino pa pulogalamu yojambulira ya Inkscape 0.92, koma pa 1.2 ikukana malamulo a -z ndi --export-pdf. Pa zithunzi zimene ndatulutsa pamanja, pdflatex, imene imasandutsa fayilo ya LaTeX kukhala PDF, ikuima n'kunena kuti "Missing $ inserted".

mlembi_tex: Malamulowo anasintha mu 2020 pamene 1.0 inatuluka. Chotsani -z, ndipo mulembe --export-type=pdf, --export-latex ndi --export-filename. Vuto lachiwirilo si la skripti ayi. Mawu a m'chithunzi amalowa mu pdf_tex momwe alili, choncho chizindikiro cha _ chikakhala kunja kwa masamu LaTeX imaima, pomwe % imameza mzere wonse pamodzi ndi } yotsekera.

za_tikz: Bambo, jambulani ndi TikZ, njira yojambulira zithunzi mkati mwa LaTeX momwemo, kapena mudutsitse mafayilowo mu svg2tikz, imene imasandutsa SVG kukhala TikZ, mavuto onsewa atheretu.

wa_magazini: Chenjeraninso ndi mafayilo akale, chifukwa 0.92 inachoka pa 90 dpi (timadontho pa inchi imodzi) kupita pa 96, ndipo ife tinazindikira pa pulufu kuti zithunzi zina zachepa pang'ono, moti muyeso wa pa mapu sunalinso woona. Komanso mukachepetsa chithunzi ndi \svgwidth, lamulo loika m'lifupi mwake mu LaTeX, mizere imachepa koma zilembo zimakhalabe kukula kwake, mpaka mawu amakwerana kapena kutuluka m'mabokosi. Pamene pali blur (kuzimiriritsa mbali ya chithunzi), Inkscape imasandutsa gawolo kukhala timadontho, ndipo osindikiza amaona msanga.

za_tikz: N'chifukwa chake ndikunena za TikZ. Zilembo zimafanana ndi za m'buku, ndipo palibe pulogalamu yakunja imene ingakusinthireni malamulo mawa.

mlembi_tex: Pa zithunzi za mabokosi ndi mivi mukunena zoona, koma mapu a mizere masauzande ambiri ndinawayesapo mu TikZ, ndipo LaTeX inachedwa kwambiri kenako n'kudandaula kuti memory yatha. A wokonza_masamba, musathamangirenso --export-text-to-path, imene imasandutsa zilembo kukhala mizere, pakuti mawuwo sadzasakikanso mu PDF. Ngati mawu sakufunika kudutsa mu LaTeX, pulogalamu ina yosandutsa SVG, rsvg-convert -f pdf, ndi yopepuka, bola muone ndi pdffonts, yoonetsa mafonti a mu PDF, kuti mafonti onse alowadi m'fayilo.

za_tikz: Mapu ndi nkhani ina, koma a wokonza_masamba sanatiuze kuti zithunzi zawo ndi mapu. Ine ndikadali pa TikZ.