Kodi munthu angazolowere bwanji kumuona Mulungu pa zinthu za tsiku ndi tsiku?

NaJere:
Moni abale ndi alongo. Kutchalitchi timamva kuti Mulungu ali paliponse, ndipo timavomera ndithu. Koma Lolemba likafika ndi liwiro lokhalokha: kusesa, kumjigo, minibasi, ntchito, kuphika, kugona. Sabata imatha osakumbukirako n'kamodzi komwe kuti Iye analipo. Kodi ilipo njira yoti munthu n'kuitsata? Ndikupempha zochita, ulaliki ayi. Komanso ndingadziwe bwanji kuti ndi Iyeyo, si maganizo anga chabe?

Katekisiti wa kumphakati:
Mayi, njira ilipo ndipo ndi yakale. Ignatius wa ku Loyola, amene anayambitsa chipani cha mu mpingo wa Katolika chotchedwa Ajezuiti mu 1540, anaphunzitsa kubwereza tsiku lonse m'pemphero. Ajezuiti amachita kawiri, masana ndi usiku, mphindi pafupifupi 15. Inu yambani ndi kamodzi, madzulo, mphindi 10.

Khalani pampando kapena pamphasa. Pabedi ayi, mugona musanafike pakati. Foni isiyeni kuchipinda kwina. Yambani ndi kuthokoza, koma tchulani zinthu ndi mayina ake. "Zikomo chifukwa cha moyo" ndi mawu abwino, koma akusuntheni bwanji poti mumawanena tsiku lililonse? Nenani kuti zikomo chifukwa cha mnansi amene anandigawira mchere, chifukwa mwana wadya phala lonse, chifukwa mjigo unalibe mzere. Zitatu zakwana.

Kenako pemphani Mzimu Woyera akuunikireni, chiganizo chimodzi basi. Ndiye yendani m'tsikulo ngati mukulondola mapazi: podzuka mpaka nkhomaliro, nkhomaliro mpaka mgonero. Apa ndiye pagona ntchito. Pa chochitika chilichonse funsani kuti mtima unafewa kapena unauma. Pamene unafewa, imani pang'ono, musathamange. Pamene unauma, funsani chimene chinauumitsa: mwina mawu a apongozi, mwina ngongole, mwina njala chabe. Pepesani pamene mwalakwa, kenako yang'anani za mawa, musankhe chinthu chimodzi chimene mukufuna thandizo lake.

Ambiri zimawakanika chifukwa amasandutsa nthawiyi bwalo la milandu. Amathera mphindi zonse akuwerenga machimo, pakatha masiku anayi atopa, asiya. N'chifukwa chake kuthokoza kumakhala koyamba. Pezaninso kakope, muzilemba mizere iwiri usiku uliwonse. Pakatha mwezi werengani zonse, mudzaona kuti malo ndi anthu ena akubwerabwera.

Mkulu wa mpingo, Dedza:
Zimene anena a Katekisiti n'zoona, koma zimathandiza kuona za m'mbuyo. Kuti muzizindikira pa nthawi yomweyo, mangirirani pemphero lalifupi ku ntchito imene simulephera kuichita. Akatolika ali ndi belu loitanira ku pemphero la Angelusi 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 6 koloko madzulo. Amene tilibe belu, ntchito ndiyo belu lathu. Podikira kuti madzi a nsima afunde musanathire ufa pali mphindi zingapo zaulere. Chimodzimodzi pamzere wa kuchigayo, kapena minibasi ikudikira kudzaza. Nenani mawu osapitirira asanu ndi awiri, monga "Ambuye, muli pano, zikomo", kenako mukhale chete mpaka mutapuma katatu.

Sankhani ntchito imodzi yokha kwa masabata awiri. Mukasankha zisanu tsiku loyamba, mudzaiwala zonse. Ndipo mawuwo asamasinthesinthe, mtima umazolowera chimene chikubwerezedwa.

Musaganize kuti izi n'zochepetsa Mulungu. Mose anali kuweta nkhosa za mpongozi wake pamene anaona chitsamba choyaka moto chija. Gideoni anali kupuntha tirigu pamene mngelo wa Yehova anamuonekera. Ophunzira awiri opita ku Emau anayenda ndi Yesu ulendo wonse, akuwamasulira malemba, koma anamuzindikira ponyema mkate (Luka 24). Yakobo pa Beteli, mutu atatsamira mwala, anadzuka n'kuvomera kuti Yehova anali pamalopo iye osadziwa (Genesis 28:16).

NaJere:
Zikomo kwambiri. Nanga funso lachiwiri lija? Ena amati diso likaphethira kapena ukalota madzi ndiye kuti Mulungu akuyankhula.

Mphunzitsi wa Sande sukulu:
Achemwali, pamenepo samalani. Kuzindikira Mulungu n'kosiyana ndi kusaka malodza. Munthu akayamba kumasulira kadzidzi aliyense, loto lililonse, mphaka aliyense wodutsa, mapeto ake ndi mantha ndi kukayikira abale. Enanso amathera ndalama kwa owamasulira maloto.

Muyeso ndi chipatso chake, chimene chalembedwa pa Agalatiya 5:22-23: chikondi, chimwemwe, mtendere, kuleza mtima ndi zinazo. Ganizo likabwera, lipatseni masiku atatu. Lochokera kwa Mulungu limakhalabe ndi mtendere ngakhale likukutumani chinthu chovuta, monga kukapepesa mlamu wanu. Lochokera m'mantha kapena m'kunyada limakankha kuti chita lero lomwe, usauze munthu. Likamaletsa kuuza munthu, lisiyeni. Likatsutsana ndi malemba, lisiyeni. Likakhudza banja, ntchito kapena ndalama, kambiranani ndi munthu wokhwima m'chikhulupiriro musanachite kanthu. Samueli anamva kuitana katatu akuyesa ndi Eli, ndipo anali Eli yemweyo amene anamuzindikiritsa kuti mwini mawuwo ndi Yehova.

Kumbukiraninso Eliya pa Horebu (1 Mafumu 19). Kunadutsa mphepo yong'amba mapiri, chivomezi, moto, ndipo Yehova sanali m'menemo. Anadza m'kamawu kofatsa. Ife timakonda za phokoso, mwina n'chifukwa chake zambiri zimatidutsa.

Katekisiti wa kumphakati:
Ndionjezere chimodzi. Idzafika nyengo yoti simukumva kalikonse, kakope kali gwaa. Zimachitikira aliyense, ngakhale Yobu anadandaula kuti wafuna kutsogolo ndi kumbuyo osamupeza (Yobu 23:8). Langizo la Ignatius n'lakuti pa nyengo youma musasinthe zimene munatsimikiza mtima uli bwino. Pitirizani mphindi 10 zija, lembani ngakhale "lero sindinaone kanthu". Onaninso zathupi: tulo, chakudya, mkangano umene simunauthetse. Koma kuumako kukadza ndi kusowa tulo, kusafuna kudya ndi kutaya chiyembekezo kopitirira masabata awiri, pitaninso kuchipatala, chifukwa mwina ndi matenda a maganizo ndipo thandizo lake lilipo.

Ngati ana sakupatsani mpata madzulo, musalimbane nawo. Chitani nawo limodzi pa mgonero, musanasambe m'manja: aliyense atchule chimodzi chimene chamusangalatsa lero ndi chimodzi chimene chamuvuta, wamng'ono ayambe. Wina akati "ndinapeza ngumbi zambiri", musamukonze. Za inu nokha muzichita m'mamawa posonkha moto, mukubwereza za dzulo.