Stockfish 17.1 yagonja kwa 17 pa laputopu ya kalabu, vuto lili pati?

aPhiri a ku Lobi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa laputopu ya kalabu ya chesi taikapo injini (pulogalamu yosewera chesi) ya Stockfish 17.1, ija inatuluka mu Malichi 2025, ndipo tisanafufute 17 tinati ziyambe zakumana. Magemu 100 mu cutechess-cli (pulogalamu yoseweretsa injini ziwiri), nthawi 10+0.1 (masekondi 10 kwa iliyonse, kuwonjezera 0.1 pa kusuntha kulikonse), gemu iliyonse kuyambira poyambira penipeni. Yatsopano yawina 6, yaluza 11, zalepherana 83. Kuwina ndi pointi imodzi, kulepherana ndi theka, ndiye kuti mapointi 47.5 pa 100. Eni ake amati imaposa 17 ndi Elo (muyeso wa mphamvu pa chesi) yofika 20, koma kuno yatsalira. Tibwerere ku yakale?

NaJere wa ku Bembeke:
Musafufute kanthu, aPhiri. Choyamba tsegulani fayilo ya PGN, momwe mumasungidwa magemu, muwerenge magemu amene alembedwa kuti "loses on time". Mutiuzenso zitatu izi: laputopuyo ili ndi ma core (timitu ta purosesa) angati, -concurrency (magemu oseweredwa nthawi imodzi) munalemba nambala yanji, ndipo mayina a mafayilo a injini ziwirizo akuthera mawu oti chiyani.

aPhiri a ku Lobi:
Zikomo achemwali. Pa 11 aja, 7 inaluza chifukwa nthawi inaithera. Ma core ndi 4, ma thread 8, choncho ndinalemba -concurrency 8. Fayilo ya 17 ikuthera avx2, ya 17.1 ikuthera sse41-popcnt.

NaJere wa ku Bembeke:
Ndiye mlandu watha, ndipo wolakwa si injini. Ma thread 8 amenewo si ma core 8, ndi awiriawiri kudyera mbale imodzi. Mukayendetsa magemu 8 nthawi imodzi, Windows nayo ikufuna malo, cutechess nayo ikufuna malo, injini imaganiza kuti yayankha msanga pomwe yankho lake lachedwa pamzere. Pa 10+0.1 imangowonjezeredwa 0.1 ya sekondi pa kusuntha kulikonse, moti kuchedwa pang'ono kokha wotchi yagwa. Lamulo losavuta: ma core enieni kuchotsapo 1. Kwa inu ndi -concurrency 3.

Chachiwiri ndi chachikulu kuposa pamenepo. Mwathamangitsa wina atavala nsapato zothamangira, mnzake atavala magambutsi. Kuyambira Stockfish 12 mu 2020 injiniyi imayeza bolodi ndi netiweki yophunzitsidwa yotchedwa NNUE, ndipo masamu a netiweki imeneyi amathamanga kwambiri ndi malamulo a purosesa a AVX2 kusiyana ndi a SSE4.1. Koperani 17.1 ya avx2. Kenako pa command prompt lembani dzina la fayilo ndi mawu oti bench, pa injini iliyonse katatu, mulembe pansi "Nodes/second", kutanthauza ma node (malo a pa bolodi) amene injini yawunika pa sekondi. Ziwiri za mtundu umodzi zimasiyanabe liwiro pang'ono chifukwa code yake inasintha, zimenezo n'zololedwa. Chosaloledwa ndi kusiyana kobwera chifukwa cha fayilo yolakwika.

aNkhoma a ku Lizulu:
Ndiwonjezerepo pa mafayilo. Wina akaona fayilo ya bmi2 amati ndiyo yapamwamba, koma pa AMD Ryzen ya Zen 1 ndi Zen 2 lamulo la pext, limene fayiloyi imadalira, limayenda pang'onopang'ono, ndiye kumeneko avx2 ndiyo yabwino. Pa Intel kuyambira Haswell, bmi2 ilibe vuto. Chachikulu n'chakuti zonse ziwiri zikhale za mtundu umodzi.

Koma ngakhale mukanakonza zonsezi, magemu 100 sanena kanthu. Masamu ake ndi awa. Pafupi ndi 50 peresenti, 1 peresenti iliyonse ndi Elo pafupifupi 7, choncho 47.5 yanuyo ndi -17. Popeza magemu 83 analepherana, ± yake (mpata umene nambalayo ingaphonye) pa chitsimikizo cha 95 peresenti ndi pafupifupi 28. Ndiye kuti zoona zikhoza kukhala paliponse pakati pa -45 ndi +11, ndiponso m'menemo muli magemu 7 amene analuzidwa ndi wotchi, osati ndi nzeru. Komanso ± imeneyi siitsika msanga. Kuti ichepe ndi theka, magemu ayenera kuchuluka kanayi. Ngati theka la magemu akulepherana, pa 100 ndi ±48, pa 1,000 ndi ±15, pa 4,000 ndi ±8. Kusiyana kwa Elo 20 ndi kwa mapointi 53 ndi 47 basi. Simungakuone ndi maso pa magemu a madzulo amodzi.

Mphunzitsi wa ku Mtakataka:
Palibe amene wanenapo za poyambira. Injini ziwiri zamphamvu chonchi zikamayamba gemu iliyonse pa kusuntha koyamba, zimangobwerera m'njira zomwezomwezo n'kulepherana. Magemu 100 amenewo mwina osiyanadi ndi ochepa, otsalawo ndi mapasa. Pakufunika buku la ma opening, fayilo ya malo osiyanasiyana oyambira gemu. Pa Fishtest, kumene anthu a Stockfish amayesera kusintha kulikonse, amagwiritsa ntchito mabuku a UHO, maganizo ake anachokera kwa Stefan Pohl. Malo oyambira amakhala opendekera dala mbali imodzi, kuti wina akhale ndi mwayi wowina, winayo aonetse ngati angadziteteze. Fayilo yake ndi UHO_Lichess_4852_v1.epd, ili pa GitHub pamodzi ndi mabuku ena a Stockfish. Ndi yolemerako, koperani usiku bandulo ikakhala yotchipa.

Buku lotere popanda -repeat ndi chinyengo. Malo alionse aseweredwe kawiri, injini iliyonse igwireko zoyera ndi zakuda. Apo ayi, imene yapatsidwa mbali yabwino kambiri ndiyo iwine. Dziwaninso kuti buku lopendekera limakulitsa kusiyana. Pa buku losapendekera, injini zomwezo zingaoneke zoyandikana kwambiri.

aMbewe a pa boma:
Lembani chonchi, mungosintha mayina a mafayilo:

cutechess-cli -engine name=SF17.1 cmd=sf171.exe -engine name=SF17 cmd=sf17.exe -each proto=uci tc=10+0.1 option.Threads=1 option.Hash=16 timemargin=100 -openings file=UHO_Lichess_4852_v1.epd format=epd order=random -repeat -games 2 -rounds 500 -concurrency 3 -draw movenumber=34 movecount=8 score=20 -resign movecount=3 score=600 -recover -pgnout zotsatira.pgn

Amenewo ndi magemu 1,000. Gemu imodzi imatenga pafupifupi theka la mphindi, atatu nthawi imodzi, ndiye muwerengere maola atatu. Hash (memory imene injini imasungamo zimene yawerengera) ya 16 MB ndi yokwanira pa nthawi yaifupi chonchi. Ponder (kuganiza pa nthawi ya mnzake) musayatse. Syzygy (mafayilo a mayankho a kumapeto kwa gemu) mukafuna kuika muikire zonse ziwiri, kapena muisiye.

Za magetsi ndiye nkhani yathu ya kuno. Laputopu ikangochoka pa chaja n'kuyamba kudya batire, purosesa imatsitsa liwiro, ndipo zikachitika pakati pa gemu wotchi imasokonekera. Ikani power plan pa High performance, letsani sleep, imitsani kaye Windows Update ndi antivayirasi yofufuza mafayilo. Muiike patebulo kumbuyo kwake mutatsamiritsa pa kabuku kuti mphepo idutse, osati pa bulangeti. Kuzizira kwa Dedza apa kukutithandizako, koma aphunzitsi kumusi ku Mtakataka mu Okutobala aziyendetsa usiku. Ngati magetsi sakudalirika, m'malo mwa order=random lembani order=sequential start=1, muyendetse -rounds 100. Mukamaliza amenewo pitirizani ndi start=101. PGN imangowonjezera pansi, pamapeto muwerengetsa zonse ndi Ordo, pulogalamu yowerengera Elo.

aNkhoma a ku Lizulu:
Njira ina yopewera vuto la liwiro ndi kupatsa injini iliyonse ma node ofanana, monga nodes=100000 ndi tc=inf. Pamenepo kutentha kaya batire zilibe ntchito.

NaJere wa ku Bembeke:
Apo sindikuvomerezani, achimwene. Ma node ofanana amayankha funso lina. Injini imene yasankha kuganiza mozama koma mochedwa imaoneka ngati ngwazi pa ma node, chifukwa simukuilipiritsa kuchedwa kwakeko. Kagawidwe ka nthawi nakonso ndi mbali ya mphamvu yake, ndipo kumasintha pakati pa ma version. Funso la aPhiri ndi lakuti pa laputopu iyi, pa sekondi zofanana, yamphamvu ndi iti. Limenelo limafuna wotchi.

aNkhoma a ku Lizulu:
Ndavomera, pa funso limeneli wotchi ndiyo yoyenera. Ndiye awonjezere -sprt elo0=0 elo1=10 alpha=0.05 beta=0.05 n'kukweza -rounds kufika 5000. Makina aziima okha LLR, nambala yosonyeza kumene umboni wapendekera, ikafika 2.94 kapena -2.94. Ikagunda pamwamba, yatsopano ndi yamphamvu. Ikagunda pansi, sizikutanthauza kuti ndi yofooka, koma kuti phindu lake silikufika 10. Anthu ambiri amaphonya pamenepa. Ndipo musaimitse nokha pakati chifukwa nambala yakusangalatsani. Pa Fishtest chosintha chikapambana pa 10+0.1 amachiyesanso pa 60+0.6, chifukwa zina zimathandiza pa nthawi yaifupi yokha.

Mphunzitsi wa ku Mtakataka:
Kunena mosabisa, pophunzitsa ana Elo 20 imeneyi simuiona, zonse ziwiri zimaposa munthu aliyense kutalitali. Chofunika kuuza ana ndi tanthauzo la manambala. Kuyambira 15.1, +1.00 sikutanthauzanso kuti watsogola ndi pawn imodzi, koma kuti injini ikamasewera yokhayokha pamenepo imawina theka la magemu.

aPhiri a ku Lobi:
Ndabwera ndi zotsatira. Zonse avx2, -concurrency 3, buku la UHO, pa chaja usiku wonse. Magemu 1,000: yatsopano yawina 271, yaluza 229, zalepherana 500. Yoluza ndi nthawi palibe. Cutechess yalemba Elo +14.6, ±15.2, LOS 97 peresenti.

aMbewe a pa boma:
Tsopano zikumveka. LOS 97 ikuti mwayi woti 17.1 ndiyo yamphamvu ndi waukulu, koma ± ikadali yofanana ndi phindulo, choncho 14.6 musaitenge ngati nambala yeniyeni. Pokonzera ana maphunziro, siyani 17.1 pa laputopupo, kwezani Threads kufika 3 ndi Hash kufika 1024 ngati RAM ndi 8 GB. Mukafuna nambala yoti muuze anthu, onjezani magemu 3,000 ena pa fayilo yomweyo, ndipo mulembe -srand ndi nambala yatsopano, imene imasintha kasankhidwe ka malo oyambira m'buku.