Pempho la kalabu ya achinyamata: aime kutsogolo ndani pa chionetsero?

Mlembi: Moni nonse abale. Kalata ya kalabu ya achinyamata ya kwathu ija yafika. Alangizi akonza tsiku la chionetsero kumunda wachitsanzo kumapeto kwa Okutobala, mvula isanagwe, ndiye anawa akupempha matisheti, chimkuzamawu chobwereka, machubu a nazale, matumba a PICS (osungira chimanga, osalowa mpweya), chingwe chobzalira ndi feteleza pang'ono wopangira mbeya (manyowa osakaniza ndi feteleza). Koma muli mfundo ina m'kalatamo. Akuti chaka chino oonetsa akhale mamembala atsopano, omwe alowa atalemba mayeso a Fomu 4 ndi ena omwe anasiyira sukulu panjira. Tiyankhulepo tisanatulutse khobidi.

Msungichuma: Zikomo alembi. Ine zipangizo sindikukana, koma za atsopanozo ayi. Kudzakhala a gulupu, a ADC (komiti ya chitukuko cha m'dera), mwinanso a ku ofesi ya achinyamata ya paboma. Mwana woti sanayambe waimapo pagulu adzangonjenjemera. Komanso mbeya si masewera. Akasokoneza miyezo, mlimi akatengera zomwezo kumunda kwake, chimanga chikakanika adzatukwana ife amene tinapereka ndalama. Aonetse omwe anazolowera, atsopanowo azionera kaye.

Aphunzitsi opuma (kumudzi): A msungichuma, ine ndili konkuno ndipo chaka chatha ndinalipo. Anayankhula ndi anyamata atatu omwewo amene amayankhula chaka chilichonse. Atsopano ntchito yawo inali kunyamula mabenchi kusukulu, kutunga madzi ndi kutsuka mbale za alendo. Pofika Januwale ambiri anali atasiya kubwera kumisonkhano, ndipo sindikuwaimba mlandu. Kuonera kumene mukunenako aonera kale, kwatopetsa.

Pali mtsikana wina, sinditchula dzina, amene ndinamuona kunazale akuthira dothi m'machubu. Amasefa kaye dothilo, kusakaniza ndi mchenga ndi manyowa, akathira theka n'kugunditsa chubu pansi kawiri katatu kuti dothi likhazikike, kenako n'kudzaza kusiya kampata pamwamba pothirira madzi. Machubu ake amaima chilili, a anzake amapindika pakati. Tsiku la chionetsero mwanayu anali kuseri kwa tchalitchi akusonkhezera moto wa nsima. Amene anafotokoza za nazale anali mnyamata woti manja ake anali oyera mbee. Kodi pamenepo timati tikukuza ndani?

Amalume a ku Area 25: Nthawi ya Kamuzu pa Youth Week panalibe zofunsana kuti ndiwe watsopano kapena ayi. Aliyense khasu m'manja, ntchito n'kuyenda. Ana a lero mukuwanyengerera kwambiri.

Aphunzitsi opuma: Amalume, nthawi imeneyo ukathawa ankakutsata. Awa akabowa amangokhala kunyumba kapena kupita ku bawo pa trading, palibe amawafunsa. Chowasunga n'chimodzi, aone kuti ali ndi gawo lawolawo.

Achimwene a ku Joni: Ine ndili mbali ya aphunzitsi. Koma matisheti musachotse chonde. Mwana akavala yunifolomu amalimba mtima, ndipo zithunzi zikabwera muno tione kuti ndalama zathu zagwira ntchito. Anyamata ambiri amene ndimakumana nawo kuno Johannesburg anachoka kumudzi chifukwa choona kuti palibe amawawerengera.

Achemwali a ku Mzuzu: Ndiwonjezere za atsikana. Mayeserero akamachitika madzulo dzuwa litapendeka, makolo salola, ndipo akulondola. Achite Loweruka masana, pabwalo la sukulu pamene aliyense akuona. Chinanso, musawapatse mutu wofotokoza ngati chilango. Muwafunse chomwe manja awo akudziwa kale. Wina kwawo amaweta nkhuku, wina amayi ake amaumba chitetezo mbaula. Munthu sachita chibwibwi pofotokoza chinthu chomwe amachita tsiku lililonse.

Mlembi: Ndamulowetsa muno wapampando wa kalabuyo kwa lero lokha kuti atiyankhe yekha. Yankhula mphwanga, awa ndi makolo ako.

Wapampando wa kalabu: Zikomo kwambiri makolo pondilola. Nkhawa ya a msungichuma tinaiganizira. Sitikufuna kumuponya munthu pagulu yekhayekha ayi. Tagwirizana kuti aziima awiriawiri, watsopano ndi wakale. Watsopano ndiye agwire ntchito ndi manja n'kumanena chomwe akuchita, wakale aime pambali, alowererepo pokhapokha funso likavuta. Ndipo aliyense tampatsa kachigawo kakang'ono, osati phunziro lonse.

Mwachitsanzo pa kabzalidwe ka sasakawa, wina angoonetsa chingwe basi. Tapanikiza tizitsekerero ta mabotolo pachingwepo, kotalikirana masentimita 25, ndiye akoka chingwe pamzere, kuboola phando pa chitsekerero chilichonse, mbewu imodzi pa phando. Mnzake aonetse kamtengo koyezera masentimita 75 pakati pa mizere. Zimenezi mphindi zisanu zakwana. Kunazale wina aonetse kudzaza machubu, wina aonetse kutema pang'ono khungu la njere ya msangu ndi chowengera zikhadabo, chifukwa ndi lolimba ndipo ikafesedwa choncho imachedwa kumera. Mbande zimenezi ndi zomwe tidzabzale nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala.

Asanakaime pamaso pa mafumu ayesera kaye pakati pathu tokhatokha, kenako pamaso pa ana a Sitandade 8 ngati a hedi atilola. Tagwirizananso kuti pomuunika munthu tiyambe tanena chomwe wachita bwino, ndipo woseka mnzake alipira chindapusa cha kalabu.

Vuto lomwe sindinalembe m'kalata ndi lakuti akale ena akunyinyirika. Akuti akhetsa thukuta zaka zonsezi ndiye lero ulemu upite kwa obwera dzulo.

Msungichuma: Eya, ndi zomwe ndimaopa. Mukondweretsa atsopano n'kutaya akale.

Aphunzitsi opuma: Akalewo ndiyankhula nawo ine, ambiri anadutsa m'manja mwanga. Pa tsikulo woyendetsa mwambo atchule kuti uyu waphunzitsidwa ndi uje, onse awiri aimirire, anthu awombe m'manja. Ulemu wa mphunzitsi umaposa wa woonetsa, akamva. Ndipotu anyamata atatu ajawo mmodzi ali pafupi kukwatira, wina akuyang'ana njira ya ku tauni. Akachoka osasiya wodziwa, kalabu yatha. M'mera mpoyamba.

Msungichuma: Za chingwe ndi machubu mwandigonjetsa, palibe choopsa pamenepo. Koma pa mbeya ndikuumirirabe. Miyezo ya madeya, phulusa, zitosi, feteleza ndi madzi atchule ndi wakale, alangizi ali pomwepo akumva. Watsopano asakanize, aonetse kufinya m'manja kuti anthu aone chinyezi chake, amange thumba la pulasitiki kuti mpweya usalowe. Koma kamwa yonena manambala ikhale ya wodziwa.

Wapampando wa kalabu: Zimenezo tavomera bambo. Chomwe ndingapemphe ndi changu. Mbeya amafuna masiku 21 ali womanga kuti apse. Tikufuna pa tsikulo pakhale matumba awiri, lina tisakanize anthu akuona, lina lakupsa kale timasule kuti agwire ndi kununkhiza. Ndiye feteleza akufunika sabata ino, apo ayi thumba lachiwirilo silikhalapo.

Achemwali a ku Mzuzu: Matumba a PICS bwanji osadikira? Okutobala anthu anasunga kale chimanga. Mudzaonetse mu Meyi pokolola, ndipo akhale mwayi wachiwiri wa amene achite manyazi ulendo uno.

Amalume a ku Area 25: Apo ndagwirizana nazo. Chimkuzamawunso n'chachiyani? Anthu akazungulira munthu pamzere amamva bwinobwino. Maikolofoni ndi yomwe imaumitsa ana pakamwa.

Achimwene a ku Joni: Nanga matisheti anga aja?

Aphunzitsi opuma: Ngati alipo akwanire onse, ngakhale wolowa sabata yatha. Chaka chatha anavala a komiti okha, enawo anaoneka ngati aganyu.

Achimwene a ku Joni: Chabwino, thumba la gulu lisakhudzidwe. Ndiyankhula ndi anzanga a kuno tisonkherane patokha, titumiza pa Mukuru. Mphwanga unditumizire chiwerengero ndi masaizi kumbali.

Wapampando wa gulu: Ndawerenga zonse. Gulu lilipira machubu, chingwe ndi feteleza wa mbeya. PICS tidikira Meyi, chimkuzamawu chachoka. A msungichuma tumizani pa Airtel Money mawa kwa aphunzitsi, iwo akagule limodzi ndi msungichuma wa kalabu, malisiti ajambulidwe abwere muno. Achemwali, za Loweruka masana zija zilowe m'kalata yoyankha.

Msungichuma: Nditumiza m'mawa. Koma ndikufuna kanema wa kuyeserera kwa mbeya ndimuone tsikulo lisanafike. Ndikaona miyezo ikusokonekera ndibweranso muno.

Aphunzitsi opuma: Mudzamuona. Foni yanga kamera inasweka, ndibwereka ya a hedi.