Komiti ikukana kulemba "obwera" pa kontrakiti ya khofi, ndipange bwanji?

Mlangizi K: Anzanga thandizeni msanga, mafomu a kopaletivi akufunika Lachisanu. Ndili ndi mabanja a mtundu wina, ndi ochepa m'derali, agogo awo anadzera ganyu. Lero khofi wa giredi yapamwamba akuchokera kwa iwo, nyumba ndi zamalata, ana ali ku sekondale. Komiti yati asalembedwe, ati malo si awo. Dzulo bambo wina wandipempha kuti ndimulembe pa mfunda wa eni dera. Mwana wake atayankhula chakwawo, bamboyo anamutsina pamkono ine ndikuona. Mtima wandiwawa.

Wa Ngongole: Fomu ikufuna mwini munda. Palibe umboni wa malo, palibe kulemba. Basi.

Mayi Zambewu: Achimwene, dzina lobwerekalo musalembe. Ine ndinachitapo chifundo chotere, ndalama zitalowa mwini dzina anakatapa zonse, wolimayo n'kutsala manja lende. Mpaka lero tikakumana sandipatsa moni.

Mkulu Wopuma: Ana inu, nkhani ya malo siseweretsa. Ku Côte d'Ivoire, pulezidenti wawo woyamba Houphouët-Boigny ankati nthaka ndi ya amene akuigwirira ntchito, ndipo anthu a ku Burkina Faso anadzadza m'minda ya koko. Lamulo la 1998 litati mwini malo akumudzi akhale nzika, mu 1999 m'dera la Tabou obwera masauzande anathamangitsidwa. Ali aganyu palibe ankawafunsa kwawo. Funsolo limabwera mitengo ikayamba kubereka.

Wa Ngongole: Ndiye mukundivomereza. Khofi si nyemba, akhala m'munda zaka makumi. Akalandidwa mundawo ngongole abweza ndani? Umboni kaye.

Mayi Zambewu: Koma bwana, kuwasiya kunja n'kuwapereka kwa mavenda. Achagga a ku Kilimanjaro anakwera chifukwa cha kopaletivi yawo ya khofi, KNCU, ya 1933, ndalama za khofi n'kumaphunzitsira ana, mtundu n'kutchuka. Kusiyana kwake n'koti iwo nthaka inali yawo.

Mkulu Wopuma: Chinanso, musawapangire kalabu yawoyawo. Tinayesapo, anthu anangoitcha dzina la mtunduwo, nazale n'kuzulidwa usiku. Ndipo nkhaniyi musakaiyambitse pamsonkhano wa onse, ayambeni mwaonana nawo akuluakulu mmodzimmodzi.

Wa Ngongole: Muonane nawo, koma pepala lisainidwe.

Mlangizi K: Lisainidwa ndi ndani poti osainawo ndi omwe akukana?

Wa Thonje: Pepani kudula, alipo walandira mafomu atsopanowo? Kuno atitumizira akale.