Pempho lopita ku Nyumba ya Malamulo timalemba bwanji?

Abale anga a pa Mzuzu pano ndithandizeni nzeru chonde. Tilipo kagulu ka kutchalitchi kwathu ku Chibavi, tikufuna tilembe pempho loti lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko lisinthidwe, paja ndi la 1964, la othawa kwawo nalonso ndi la 1989. Ine chimandiwawa kwambiri ndi anzathu aku Ethiopia amene amagwidwa akudutsa kuno, amatha miyezi ali m'ndende kudikira kubwezedwa kwawo, ndipo mitembo ija ya anthu oganiziridwa kuti ndi aku Ethiopia inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu 2022 mpaka pano siinandichoke m'mutu.

Ndiye pempholi timapereka kwa MP wathu kapena timapita nalo tokha ku Lilongwe? Masiginecha amafunika angati? Ngati pali loya kuno angatiwerengereko tisanatumize mundiuzeko.